Mchombo wa Moto

Ku El Alto mphepo imaluma ngati unaidyera ndalama.
Bambo anga, a Nemesio Tarqui, amakonza mawailesi
m'kashedi kamalata kuseri kwa msika,
ndipo Lachinayi lija anabwera atasenza ampulifaya
yogula kwa woimba wina amene bandi yake inabalalika.

Ukwati wa Basilia unali Loweruka, kumudzi kumtunda,
kumene mapolo a magetsi sanafikebe.
Tinali ndi batire imodzi, ya minibasi ya amalume:
mavoti khumi ndi awiri, milomo iwiri,
wofiira ndi wakuda.

Ampulifaya inkafuna zitatu:
moto wakumwamba, moto wakumunsi,
ndi pakati poti awiriwo aziyambira kuwerenga.

"Ona sipika," anatero, chala chili pamimba pake.
"Imatuluka, imabwerera. Wina akankhe, wina akoke.
Ukaipatsa wokankha yekha, iuma khosi."

Anayamba ndi njira yachidule.
Marezisita awiri, kugawa moto ngati buledi,
sikisi uku, sikisi uku.
Nyimbo inatuluka, inde, koma ya udzudzu,
ndipo ng'oma itagunda, pakati paja panatsetsereka.
Kenako waya wapakati unakhudza chitsulo cha galimoto,
kumene wakuda amakhala kale.
Thethe! Kautsi.
Fungo lija ndimalimvabe m'juzi yanga.

Bambo sanatukwane. Anatafuna masamba a koka,
nafukula m'bokosi la zakufa mphete yakuda
yochokera m'kompyuta ya pasukulu.
Usiku wonse ine tochi m'manja,
iwo kukulunga waya wamkuwa, zala zili gwa ndi chisanu.
Wonenepa maulendo ochepa,
woonda maulendo ambiri, akuwerenga chamumtima.
Pakatikati anapinda waya nautulutsa kunja.
"Uwu ndi mchombo," anatero. "Onse awiri abadwira apa."

Matiranzisita awiri azilandizana batire,
uyu atsegule, uyu atseke,
liwiro loti khutu silingatole.
Madayodi asankhe: zokwera uko, zotsika uko.
Makapasita asunge zotsala.

Tambala asanalire singano ya mita inadzuka.
Makumi awiri ndi asanu kumwamba.
Anatembenuza mawaya.
Makumi awiri ndi asanu kumunsi.
Batire ili yomweyo, imodzi, pansi pa tebulo.

Ndinawayang'ana akupukuta magalasi ndi malaya.
Mayi anatisiya Basilia ali ndi zaka zinayi.
Munthu uyu ndiye ankamuluka tsitsi m'mawa, mokhotakhota,
madzulo n'kumukalipira za masamu,
akalira n'kumuyimbira ndi mawu osalongosoka.
Sindinanene kanthu. Ndinangozimitsa tochi.

Loweruka malipenga anatuluka m'sipika ali amoyo,
masiketi anazungulira mpaka fumbi linabisa phiri,
zipewa za azakhali zinapendekera koma sizinagwe.
Bambo sanavine.
Anakhala pambali pa bokosi lawo, dzanja pa chitsulo,
kumva ngati chatentha,
fyuzi yapadera ili m'thumba lapamtima.
Basilia anabwera kudzawakoka. Anati, "Bwera nthawi ina."
Anabweranso. Anapita, nyimbo imodzi yokha,
maso akubwerera ku waya.

Cha m'ma thuu koloko mawu anayamba kulemera,
woimba ngati wameza mbatata yamoto,
kenako zii.

M'mawa minibasi inakana kulira.
Tinaikankha tonse kutsetsereko,
mkwati, amalume, ine, nsapato zaukwati m'matope,
bambo ali kumapeto, akupuma mwaphuma,
akuseka mpaka kutsokomola.