Mtsutso wa Lachisanu ku Mkanda

Mapu athu adadyedwa ndi chiswe pangodya,
nyanja yatsala theka,
koma chilumbacho chidapulumuka,
kabuluzi kowothera dzuwa pakhomo pa Amereka.
Ndidakaloza ndi ndodo ya bulugamu.
Cuba ndi apa, ndidatero,
ana akumbuyo n'kukwera pa mabenchi.

Mutu ndidaulemba ndi kachoko kotsalira:
chipata cha malonda chitseguke, kapena chikhalebe chotseka?
Ine wanga udali wotchi ndi pepala la malikisi.

Kamtedza ndiye adayamba,
tayi yobwereka kwa mlamu wake ikufika m'ntchafu.
Kumeneko, adatero, chipani n'chimodzi,
nyuzi zonse zimayamwa bere limodzi.
Malume anga adasowa zaka zinayi nthawi ya makadi
chifukwa cha mawu awiri pa kachasu ku Kapiri.
Adabwerako opanda mano, osafuna kuzimitsa nyali usiku.
Inu mukuti tigulitse mafuta kwa wosunga makiyi?
Mukamudyetsa, loko ndiye amanona.
Adakhala pansi mphindi isadakwane,
manja akunjenjemera pa bondo.

Tisungeni sadabwere ndi pepala.
Mlatho utakokoloka chaka chija, adafunsa,
adagona ndi njala ndani?
A khansala? Galimoto yawo idazungulira kwina.
Mchere udasowa m'nyumba mwa amayi anga,
mapiritsi a shuga adathera pa Lachiwiri,
tidawanyamula pa njinga mpaka ku boma.
Mukatseka msewu, wamkulu sawonda.
Ndipo mankhwala mwamwa zaka makumi asanu ndi limodzi
mutu ukadawawabe,
simudzafunsako wina?

M'kalasi mudabuka phokoso.
Wina adati woyandikana ndi njovu asamaweta njuchi.
Wina adati nanga njovu idagula nkhalango?
Ndidamenya desiki mpaka fumbi la choko.

Apo pawindo lopanda galasi
bambo Chimphepo, mlonda wathu, adatsokomola.
Sadali pa ndandanda, koma ndani akadawaletsa.
Ine munda wanga wachita malire ndi esiteti, adatero.
Bwana tikayambana amamanga waya panjira ya kudambo,
mbuzi zanga zimamwa matope.
Amati akundilanga poti ndimazunza banja.
Kuzunzako n'zoona, funsani mayi a kunyumba.
Koma mtsuko wozungulira mtunda wonsewo
amasenza ndani?
Ndipo chaka chomwe ndidamugulitsa fodya wotchipa
waya adachotsa, za banja osafunsanso.

Ana adaseka. Kenaka adaleka.
Mlondayo adabwerera kukagogoda limu,
ngakhale nthawi idali isadakwane.

Ndidawonkhetsa malikisi monga adatiphunzitsira ku koleji:
kaimidwe, katchulidwe, kusunga nthawi.
Palibe bokosi la malume opanda mano,
palibe bokosi la mapiritsi a Lachiwiri.
Tisungeni adapambana ndi awiri okha,
mphoto yake kope ndi bolopeni.
Kamtedza adavula tayi, kuipinda bwino, kuika m'thumba.

Potuluka adandiimitsa pakhonde.
Aphunzitsi, a pachilumbapo akuti chiyani?
Ndidati buku lathu silidanene.
Nanga ife tikagamula, amva ndani?
Ndidayang'ana kumsewu
kumene lole ya mabelo inkalowera ku Lilongwe
kukamva mtengo kwa anthu
amene sadaponde pa nazale.
Ndidamuuza kuti athamange, mvula ikubwera kuchokera ku Zambia.

Ndidawaona akutsetsereka pa njinga imodzi,
iye akupalasa, Tisungeni pa kaliyala
atakweza kope pamutu,
akukanganabe, mawu akumwazika ndi mphepo.

Funsolo lidagona pa bolodi masiku awiri.
Lolemba a masamu adafufuta theka lake
kuti apeze malo a x.
Mapu ndidawapinda, ndidathira phulusa m'kabati.
Chiswe chafika kale ku Florida.