Azungu Nawonso Amachedwa

Loweruka, mwezi uli pakati, m'thumba muli mbee,
ine ndi Likongwe tinaweruka ku Makata
manja akununkhabe girizi,
n'kukalowa m'chisakasa cha kanema ku Ndirande,
kuseri kwa anyamata a chiwaya.
Mabenchi a zigagada, chitseko cha chiguduli,
kamwana kena katagona pamwendo pa munthu wosamudziwa.

Pakanemapo, fakitale ya magalimoto ku Amereka
yagulidwa ndi Ajapani.
Mnyamata uja amaika Chichewa m'kamwa mwa azungu
anapatsa bwana wa Chijapani mawu a kapitawo wathu:
"Iwe, wotchi si mlamu wako!"
Chisakasa chonse chinafa nalo phwete.

Azibambo a mimba ngati mitsuko
awandandalika pabwalo m'mamawa
kuti adumphedumphe asanagwire sipanala.
Mmodzi akutafuna chingamu, manja m'thumba.
Likongwe anaseka mpaka kutsamwa,
akundimenya pabondo:
"Taona! Kani azungu nawonso amachedwa?
Kani nawonso amawadula tsiku?"

Ndinaseka, ndisaname.
Ndinaseka atawerama popatsana moni n'kugundana zipumi,
ndinaseka mzungu akulimbana ndi timitengo tiwiri
mpunga n'kumamuthawa.
Koma penapake kuseka kunandiima pakhosi:
bwana uja ali yekha mu ofesi usiku,
foni kukhutu, akuwerama, akuweramanso,
kupepesa munthu amene sakumuona n'komwe.
Apa wotanthauzira nthabwala zinamuthera,
anangoti, "Eee, nayenso ali ndi bwana wake."

Ndinakumbuka wathu,
amene dzina lake linatikanika lilime
mpaka tinangomutcha Che Fulumira.
Amadya yekha, chitseko chotseka.
Tsiku lomwe tinakapempha lole
yoperekeza maliro a bambo ake a Gwedeza ku Lunzu,
anatiwerenga ndi chala:
"Nonsenu? Anabereka nonsenu?"
Ife tinamuona ngati wopanda mtima.
Kaya iye anationa ngati chiyani.

Kanema atafika pokoma,
magalimoto asanakwane, tsiku likutha,
magetsi anathima.
Mdima wa ndiweyani.
"Tibwezereni ndalama!"
Mwini wake anayatsa tochi ya foni,
akuti jenereta ilipo, koma mafuta.
Mpaka lero sindidziwa anapambana ndani.

Potuluka, Likongwe anawerama mwaulemu
pamaso pa wogulitsa tchipisi
mpaka chipewa kugwera m'kabichi.

Lolemba ndinachedwa ndi mphindi zinayi,
minibasi inafera pa Chinseu.
Che Fulumira ali pageti, buku m'manja.
Sindidziwa chinandigwira n'chiyani:
ndinaphatikiza miyendo, n'kuwerama ngati pakanema.
Anandiyang'ana nthawi yaitali.
Kenako, mwapang'onopang'ono,
ngati wowoloka Mudi pamiyala yoterera:
"Mwa-dzu-ka bwa-nji?"
"Ndadzuka bwino, kaya inu, bwana."
Anamwetulira. Mano ali nawo, kani.

Theka la tsiku anadulabe.