Khoma la ku Depoti

Ndine ndinkakunyamula pa kabaza, Sauda,
asanakudziwe wina aliyense kupatula khoma.
Khoma la depoti ya chimanga, kuseri kwa msika,
lija linkabweza chilichonse ukalipatsa,
osakuyamika, osakunyoza.

Laketi inali ya dokotala wina wa pachipatala cha boma,
anaisiya pochoka, zingwe zitatu zitaduka.
Ndinailuka ndi twaini wa ukonde
wopempha kwa a Mdoka ku M'baluku.
Mpira unali umodzi, wadazi ngati bondo.
Ukagwera m'ngalande tinkautsuka
n'kuuyanika pa chishalo cha njinga.

Azana ya m'bandakucha ikangotha, tanyamuka.
Pofika naini dzuwa la kuno limakhala litakwiya kale,
simenti ikuotcha kudzera m'mabowo a nsapato,
iwe uli pha! pha! pha!
mpaka alonda anasiya kukuthamangitsa
n'kuyamba kukuwerengera.

Amayi anakana siketi.
Anati mwana wanga saonetsa ntchafu kwa anthu a ku Blantyre.
Usiku womwewo ndinawamva pa makina,
akusoka buluku loyera lofika m'akakolo,
ulusi uli kumano, akung'ung'udza.
Ndi buluku limenelo unatenga chikho choyamba.

Mawerengedwe a masewera ako sindinawamvetse:
khumi ndi zisanu, makumi atatu, makumi anayi,
kudumpha ngati ngongole ya katapila.
Ine ndinkangoyang'ana phewa lako.
Likagwa, ndinkadziwa kuti zavuta.

Kenako Lusaka. Kenako Nairobi, Cairo,
ndi mayina ena omwe lilime langa limapunthwa nawo.
Unafika pa nambala 412 dziko lonse lapansi.
Anyamata a pasiteji anaseka, ati kutali bwanji!
Ndinawafunsa: inu muli pa nambala yanji?
Anayang'ana matayala awo.

Anthu ankati wadya bwino.
Sankamva zomwe unkandiuza pa foni pakati pa usiku:
kugona pa benchi ya bwalo la ndege,
kuchapa masokosi m'sinki ya hotela,
mphoto yonse kuthera tikiti yobwerera,
kuuluka maola khumi kukagonja ola lisanakwane
kwa mtsikana wokhala ndi mphunzitsi, dokotala,
ndi wina womunyamulira thaulo,
iwe uli ndi chikwama ndi Mulungu.
Ramazani ina unasewera kukhosi kuli gwa,
unapambana,
n'kulira osatulutsa msozi.

Ndalama yako yoyamba inagula malata a amayi.
Mvula ikamagwa amati, tamvani, akumuombera m'manja.

Bondo ndi lomwe linanena mawu omaliza.
Linalira kamodzi kokha, thyo! ku Tunisia,
zaka khumi ndi zitatu n'kuthima
ngati magetsi pakati pa nkhani.

Unatsika minibasi pa nsanja ya wotchi.
Panalibe ng'oma, panalibe wa wailesi,
ine ndekha ndi njinga yomwe ija,
tayala lakumbuyo lokha latsopano.
Unakwera osalankhula.
Unkalemera kuposa kale, ine ndinali nditapepuka.
Tili pakati pa mlatho, Shire akudutsa pansi osatilabadira,
unati, "Achimwene, khoma lija lilipo?"

Lilipo.
Analipaka utoto wa kampani ya foni,
koma kubweza silinasiye.

Tsopano Loweruka lililonse umathira laimu pa dothi,
mizere yokhota pang'ono chifukwa cha kutsimphina.
Ana aakazi asanu ndi awiri, malaketi atatu,
ena akudikira atakhala pa zidina zawo.
Kamodzi, kadzukulu ka a Mdoka,
kamamenya ndi dzanja lamanzere,
kamaluma mlomo ngati iwe,
kakaluza sikapatsa munthu moni.

Dzulo kanadula zingwe.
Wanditumizira uthenga kuti ndipeze twaini.
Maso anga sakuonanso bwino mabowo aja, Sauda,
zala nazo zauma ndi mahandulo.
Koma bweretsa.
Ndiyesa masana, pa khonde, kuwala kukadalipo.