Nambala Seventini

Tsiku loyamba anandiimitsa pa chitunda cha ku Bembeke,
matumba atatu a kachewere ali pa kaliyala,
thukuta likundilowa m'maso ngakhale Juni anali ataluma.
Anati, Bambo, tandibwerekani mkono.
Ine ndimati akufuna moni.
Iye zala ziwiri pa mtsempha, maso pa wotchi,
milomo ikugwedera ngati wopemphera chamumtima.

Dokotala Tinyade Kamtengeni, mwana wa kwa Kanyama.
Anapita kutali kukaphunzira,
nabwerako ndi mafunso ambiri kuposa mapilitsi.
Anzake ankadikira odwala pa benchi ya chipatala,
iye ankasaka ife osadandaula kanthu,
ati afuna adziwe chimene thupi limachita
phiri likakana kutha.

Anandimata timawaya pachifuwa,
nandiveka chiphimbo kukamwa kuti awerenge mpweya wanga.
Njinga ya m'chipinda mwake inalibe ulendo:
ndinapalasa theka la ola, khoma lili pomwepo.
Kumsika kunamveka zoti Kadzakumanja wagulitsa magazi.
Mayi a kunyumba anagona chofulatira sabata yathunthu.
Chikhalirecho linali dontho limodzi, la pakhutu,
losafika n'komwe pa limene udzudzu umatenga osapempha.

Fote-faifi pa mphindi, anatero akuseka,
mtima wanuwu ukamapuma umayenda ngati ng'ombe yokhuta.
Ndinapita nawo mawuwo kunyumba
ngati ndapatsidwa malaya atsopano.

Zaka makumi awiri ndi zitatu.
Anayeza amayi otsika ndi nkhuni ku Chongoni,
oumba njerwa, anyamata a mpira,
ana othamangira belu chopanda kanthu m'mimba.
Chaka china magetsi anazima masiku anayi,
za mufiriji zonse zinaonongeka, ntchito ya miyezi khumi.
Ndinam'peza atakhala pa sitepe, nsapato ili m'manja.
Sanalire. Anangofunsa ngati Lolemba ndili ndi mpata.

Zimene analemba zili m'Chingerezi,
akuti zinawoloka nyanja, zina n'kubwezedwa, iye n'kulembanso.
M'menemo dzina langa mulibe.
Ndine Nambala Seventini, kadontho pa mzere wokwera.
Anandilozera ndi cholembera: apa ndi inu, mukufika pamwamba,
apa mwendo ukuti basi, mtima ukuti tiyeni.

Lero mwendo wake wamanzere umakoka pansi.
Matenda anam'gwira ali pa desiki, dzinja lapitalo,
iye amene ankatiuza kuti mpando umapha mwakachetechete.
Njinga yanga ndinasiyira mdzukulu.
M'mawa uliwonse, chifunga chisanachoke m'mapaini,
ndimakam'tenga pa geti,
timayenda kuchoka pa Boma kulunjika kunsi kwa phiri,
iye ndi ndodo, ine ndi wotchi yake ija, lamba wake womanga ndi ulusi.

Pa mwala wachitatu timaima.
Ndimati, Adokotala, tandibwerekani mkono.
Khungu lapyapyala, kamtsempha kakuthamanga
ngati mwanapiye wogwidwa m'manja.
Zingati? amafunsa.
Dzulo ndinachotserako khumi kuti asade nkhawa.
Anandiyang'ana nthawi yaitali.
A Kadzakumanja, nambala sitiphika. Werenganinso.

Ndinawerenganso.
Handiredi ndi eyiti.
Analemba m'kabuku ndi dzanja lonjenjemera,
pamwamba pa tsamba atalembapo kale: Nambala Wani.
Kenaka analoza mwala wachinayi.