Bala la Chilunguni

Usiku wa Lachiwiri katumbu analowa
m'dziwe la Che Mtalika ku Chingale,
nasiya chilunguni chimodzi chosupuka pambali,
mamba asanu palibe, mnofu uli psuu.

Ine ndinati chiphikidwe.
Iwo anati ayi, ndipo osachipukuta,
kutererako ndiye bandeji yake.
Tinachiviika m'beseni la madzi amchere
n'kuchibweza.

Khungu linakwawa lokha kuchokera m'mphepete,
lopyapyala ngati khoko la anyezi,
kenako linadera,
kenako timamba tatsopano, topendekeka,
tosafola bwino ndi anzake.

Changa chilonda cha chikwakwa pamsongolo
mwezi wachitatu uno.
Kuchipatala anati chisakhudze madzi.
Ndiye ndimangoima pamtunda, kuwaza gaga,
kuchiyang'ana chikulimbirana ndi zinzake,
nsanje ili tho.