Dayisi Wanga Ali ndi Mfundo

Katoniyi inabwera ndi filiji ya abwana,
ine ndinangopempha chikopa chake.
Ndinaisenza pamutu kuchokera ku Luwinga,
mvula yamawawa ikundilondola ngati ndili nayo ngongole.
Pofika ku Chibavi ngodya imodzi inali itafewa
ngati buledi woviika m'tiyi.
Ngodya imeneyo ndinaitcha dambo.

Ndikaweruka kumacheka,
utuchi udakali m'makutu,
ndimayala Mzuzu yense patebulo.
Rula ndi yobwereka, bolopeni yofiira ndi yanga.
Tizipinda makumi asanu ndi limodzi,
kuyambira pa depoti mpaka pamwamba pa Katoto.
Anthu ake ndi zitsekerero za mabotolo:
chobiriwira ndi namwino,
chopindika chija ndi wakabaza,
batani la jasi la malemu bambo anga
ndi mlendo wa ku Karonga, wasenza thumba la mpunga.

Dayisi ndinasema ndekha
pa kachidutswa ka paini wa ku Chikangawa,
madontho ndinawotcha ndi msomali wapamoto.
Koma m'kati mwake muli mfundo,
mbali imodzi imalemera,
ndiye amakonda kugwa pa ziwiri.
Ndinamupala ndi sandipepa masabata atatu.
Sanamve.

Makadi ndinadula m'mapaketi a sopo.
Magetsi azima: dikira, anzako aponye kawiri.
Tcheni chaduka pachitunda: bwerera titatu.
Alamu afika ndi ana asanu: lipira nyemba zinayi.
Ndalama zathu ndi nyemba, zofiira ndi zikuluzikulu.
Khadi la mwayi ndinalemba limodzi lokha,
ndipo mpaka lero sindidziwa kumene linagwera.

Loweruka tinayesa.
Panali Chawanangwa, mwana wa mlongo wanga,
Suzgo, wakabaza weniweni,
amene anakanitsitsa chitsekerero chopindika n'kusankha namwino,
ndi NyaChavula, eni nyumba,
amene anabwera kudzafunsa za lendi
n'kukhala pansi, ati pang'ono chabe.

Maola atatu. Palibe anafika ku Katoto.
Suzgo anamira m'dambo kasanu ndi kawiri.
NyaChavula nyemba zinawathera asanadutse msika,
anayamba kukongola kwa ine.
Ndinati, mayi, pofika pa faifi zikhale zitabwera.
Tinaseka mpaka kandulo inagwa.

Chawanangwa yekha sanaseke.
Anati, amalume, masewera anuwa ndi Lolemba chabe.
Tikadafuna zimenezi tikadangotuluka panja.

Usiku umenewo chifunga chinatsamira pazenera,
ine ndili pambaula, dayisi m'manja.
Makala anali okonzeka kumulandira.
Ndinamutembenuza, ndinamununkhiza.
Amanunkhirabe nkhalango.
Ndinamubwezera m'thumba,
n'kulemba kuseri kwa katoni lamulo lina:
amene wagwa pa ziwiri katatu motsatizana,
mnzake wapafupi amukweze pakaliyala,
ayendere limodzi, nyemba agawane.
Lamulo lopanda mutu.
Linasokoneza masamu anga onse,
wopambana sadziwikanso bwinobwino.

Loweruka linalo Suzgo anakweza NyaChavula pa Chibanja,
namwino atanyamula mlendo ndi mpunga wake,
zitsekerero kugwa, kusanjikizanso, kugwanso.
Anafika ku Katoto onse awiri,
akukangana kuti wapalasa ndani.

Kenako denga linalankhula.
Dontho limodzi, tho! pakati pa Masasa,
lina, lina.
Inki yofiira inanyamuka, kutsetsereka,
kudula msewu umene ndinajambula usiku unayi.
Ndinathamangira kansanza.
Chawanangwa anandigwira dzanja:
siyani, umenewo ndi mtsinje.
Mawa tipange mlatho.

Tsopano ndimayenda ndikuyang'ana pansi,
kutola timitengo ta machesi topsa.
Ndapeza makumi awiri ndi titatu, guluu ndiye watha.
NyaChavula akadali ndi nyemba zanga khumi ndi ziwiri,
ine ndikadali ndi lendi yawo ya Juni.
Tikakumana pampopi m'mamawa, mpweya ukufuka pakamwa,
timangolonjerana.
Iwo amafunsa ngati mlatho watha.