Nyambo ya Nthenga

Pa Boma amandidziwa ngati telala,
wa pakhonde la sitolo ya a Mwinyiheri,
wopinda mabuluku, woika zigamba.
Sadziwa kuti ndikamasesa pansi pa makina
tiulusi totsala sinditaya.
Tofiira ta diresi la mkwatibwi wa ku Sasani,
takuda ta jekete ya mwalimu,
ndimatikulunga pa mbedza yochepa ngati chikhadabo cha khanda,
n'kumangirirapo kanthenga ka nkhanga
mpaka kachinthu kaoneke ngati kakupuma.

Chilimwe changoyamba, Ndaziona mwanawe.
Mwera watopa. Mitondo yatulutsa masamba ofiira.
Bua waphwa, waonetsa nthiti zake zamiyala,
madzi ayera mbee,
moti nsomba imakuona iwe usanaione.
Masiku otere malaya oyera umasiya kunyumba.
Yambira kumunsi, uziyenda chokwera,
pakuti nsomba imapenya kochokera madzi
ngati munthu wodikira basi ya ku Dwangwa,
nkhongo yake ndiyo khomo lako.

Usaponye msanga. Khala pansi.
Mthunzi wako uugoneke pa mchenga, usakhudze dziwe.
Ona bango liri tsidyalo, ona ngati chipika chija
chikadali chipika.
Ng'ona siilemba kalata.

Kenako uwerenge madzi.
Pamene othamanga asokedwa ndi odekha
pali msoko, thovu limayenda m'menemo,
ndipo pansi pa msokowo ndi pogona mpasa.
Tiziwala tikugwa m'udzu wopserera,
tombolombo akuviika mchira,
koma icho chikudyedwa lero n'chiti?
Dikira mpaka madzi atsinzine diso limodzi.
Apo! Waona kamkombero kaja?
Katenga kotuwa, kamapiko, kosamira.

Anyamata awo akutsika ndi neti ya udzudzu,
wina wanyamula mtolo wa katupe.
Akutiseka. Ati nsomba idayamba liti kudya nkhanga?
Ati bambo telala, nyongolotsi zatha kodi?
Asiye. Iwo akufuna mtsinje wonse m'thumba limodzi,
ife tabwera kudzanamiza nsomba imodzi yokha
ndipo bodza lotere limafuna ulemu.

Nsungwi igwire ngati lumo, osafinya.
Twaini apite kumbuyo, aongoke, umuyembekeze,
ndiye umubweze mofatsa
kuti nthenga itere ngati yagwa yokha.
Ikangokokedwa pang'ono, ikalemba mzere pamadzi,
yaulula zonse.
Palibe kachilombo kamayenda mwa chikhomo chotero.

Kasanu yadutsa. Kakhumi.
Kashembe wandiluma pakhosi, sindinam'menye.
Dzuwa lafika pa liwombo, nyenje zayamba kulira,
iwe wadya kale chinangwa chako ndi changa chomwe.
Ndachotsa yakuda ya mwalimu,
ndamanga yofiira ya mkwatibwi.

Ndiye phwa!
Siliva wautali ngati mkono wanga watumpha,
nsungwi yawerama ngati ikupepesa,
twaini akuimba, akudula madzi chopingasa,
iwe ukukuwa, Ababa! Ababa!
ine ndaiwala zonse ndakuuza,
ndakoka ngati ndikukoka mbuzi m'munda mwa eni.
Kuseri kwa mwala wakuda uja
dzanja langa lapepuka.

Usalire. Pukuta mphuno, tola chipewa changa.
Mfundo ija ndinamanga ndine, ndipo ndinathamanga nayo.
Zaka makumi atatu ndikuphunzitsa anthu
kuti msoko umang'ambikira pamene unafulumira.

Amayi ako afunsa za ndiwo tisanakhale pansi.
Tidzera pa mlatho, tigule usipa wa a Nachisale,
unene zoona, kapena ungokhala chete.

Lolemba mkwatibwi uja akubwera ndi diresi,
akuti lam'thina m'chiuno.
Ndidzalimasula, ndidzasesa pansi pa makina,
ndipo sindidzamuuza
kuti kachidutswa ka ukwati wake
kakukwera Bua pa mlomo wa mpasa,
kulowera m'nkhalango
kumene ine ndilibe chilolezo chofikako.